Ndime ya Lero

Semesita ikamapita kumapeto, pali chinthu chimene tonse timachiona koma sitikonda kuchikamba. Nyali za m'zipinda zogona zimayaka mpaka 2 koloko usiku. Anzathu a chaka chomaliza amayenda ndi maso ofiira, laputopu ili m'khwapa, akusakasaka mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wawo amene sanamuone kwa miyezi iwiri. Lachisanu madzulo, nthawi ya mapemphero otsegulira Sabata ikakwana, ena amatseka makope monyinyirika ngati kuti Sabata labwera kudzawalanda kanthu. M'mawa mwake thupi limakhala pa benchi m'tchalitchi, nyimbo ili pakamwa, pomwe mtima uli pa mutu wachinayi umene sunalembedwe.

Ife amene tidakali m'mbuyo timatha kuseka, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo nkhaniyi si yoseketsa. Amene walephera kupereka kafukufuku wake pa nthawi yake amakhalanso semesita ina, ndipo fizi ya semesita imeneyo imachokera m'khola la mbuzi kapena m'matumba a soya a makolo ake. Nthawi ikathina, mayesero amene sitinkawaganizira amayamba kuoneka ngati nzeru: kukopera zolemba za wina, kulipira munthu kuti atilembere, kudzaza tokha mapepala a mafunso amene tinayenera kupita nawo kwa anthu, kapena kutsekula laputopu mobisa masana a Sabata. Munthu amene analowa koleji ali wokhulupirika amatha kutuluka ndi digiri komanso chikumbumtima chovulala. Ambiri mwa anthuwa si aulesi ndipo si opanda nzeru. Chimene chimawagwetsa n'chakuti palibe amene anawaphunzitsa kugwira ntchito imene ilibe malire ooneka.

Munda wopanda malire

Ambiri a ife tinakulira pa khasu. Tikukumbukira mmene kholo limagawira ntchito m'munda. Limayenda pang'ono, n'kuloza kuti kuyambira pa chulu apa mpaka pa mtengo wa mango uwo ndiye ndime yako ya lero. Ukaimaliza umaweruka ndi mtima woyera, ndipo aliyense wodutsa amaona yekha kuti apa palimidwa. Waganyu nayenso amalipidwa powerenga mizere. Ntchito ya manja ndi yowawa, koma imakuuza pamene wayambira ndi pamene wafika.

Ntchito ya m'mutu siili choncho. Wofufuza alibe womulozera mtengo wa mango. Buku lililonse limene wawerenga limamutumiza ku mabuku ena khumi. Akhoza kukhala pa kompyuta maola anayi, kutsekula masamba ambirimbiri a pa intaneti, n'kudzuka atatopa kwenikweni, koma popanda mzere ndi umodzi womwe woti aloze. Vutoli si la ophunzira okha. Mphunzitsi wokonza masikimu, mbusa wokonzekera ulaliki, wowerengera ndalama, namwino wolemba lipoti ndi mkulu wa mpingo wokonza ndondomeko ya chaka, onse amalima munda umene malire ake saoneka. Popeza palibe amene amaona tsiku limene sanalime, amatha kudumpha masiku ambiri osadziwa, mpaka tsiku lokolola litafika.

M'chinenero chathu mawu akuti ndime amagwira ntchito m'munda ndi m'buku momwe. Mlimi amalima ndime, wolemba amalemba ndime. Phunziro lathu lagona pamenepa. Wogwira ntchito ya m'mutu ayenera kudzidulira yekha ndime tsiku ndi tsiku, kuilima pa nthawi yoikika, n'kuweruka. Achite zimenezi masiku asanu ndi limodzi, kuti la chisanu ndi chiwiri likhale la Mulungu lathunthu.

Chifukwa chake timadzinamiza

Tisanadule ndime, tiyenera kuvomereza kuti maso athu sayeza bwino kukula kwa munda. M'chaka cha 1994, akatswiri atatu a zamaganizo, Roger Buehler, Dale Griffin ndi Michael Ross, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pa ophunzira a ku yunivesite ku Canada. Anafunsa ophunzira amene ankalemba kafukufuku wawo wa chaka chomaliza kuti anene masiku amene atsala kuti amalize. Pophatikiza mayankho onse, ophunzirawo ankayembekezera kumaliza m'masiku pafupifupi 34. Atafunsidwa kuti nanga zonse zitasokonekera angatenge masiku angati, anati pafupifupi 49. Zoona zake zinali zakuti anatenga masiku opitirira 55. Anachedwa kuposa mmene ankaganizira ngakhale pa maganizo awo oipitsitsa, ndipo amene anamaliza pa nthawi imene ananena sanakwane ngakhale theka.

Zimachitika chifukwa tikamakonza ndondomeko timaona msewu wosalala. Timadziona tikupita ku sukulu kukagawa mapepala a mafunso, aphunzitsi onse alipo, onse ayankha tsiku lomwelo. Sitiwerengera kuti kalata yotiloleza idzachedwa, kuti tidzapeza mphunzitsi wamkulu atapita ku msonkhano, kuti malungo adzatigoneka masiku anayi, kuti kumudzi kudzagwa maliro. Palibe amene angadziwiretu chimene chidzamugwere, koma kuti chinachake chidzachitika n'zosakayikitsa.

Pa Luka 14:28-30 Ambuye Yesu anakamba za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, kuopa kusekedwa atalekezera pa maziko. Iye ankanena za mtengo wokhala wophunzira wake, koma nzeru ya womanga uja imagwiranso pa ntchito yathu. Njira yowerengera bwino ndiyo kufunsa mbiri m'malo mofunsa chiyembekezo. Asayimenti yapita ija tinkati itenga masiku awiri, inatenga angati? Anzathu amene anamaliza chaka chatha anatenga masabata angati kuti asonkhanitse mayankho? Yankho limene tapeza ndilo tilembe pa ndondomeko, ngakhale likhale losasangalatsa.

Tiwerenge maola

Mlungu uli ndi maola 168, kwa pulofesa ndi kwa wa chaka choyamba chimodzimodzi. Kwa ife, maola 24 ndi opatulika, kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka. Atsala 144. Tikagona maola 8 usiku uliwonse wa masiku otsalawo, tachotsa 48, atsala 96. Tiyerekeze kuti m'kalasi timakhalamo maola 20, ndipo kudya, kusamba, kuchapa, mapemphero, kuyenda ndi kucheza zimatenga maola 36. Atsalabe maola 40. Amenewa ndi ofanana ndi mlungu wathunthu wa munthu wolembedwa ntchito mu ofesi.

Nanga maola 40 amenewa amapita kuti? Ambiri a ife sitidziwa, ndipo tikangoganizira tidzadzikomera mtima. Njira yabwino ndiyo kutenga tsamba limodzi la kope n'kulemba, kwa mlungu umodzi wokha, zimene tachita ola lililonse. Mafoni ambiri a masiku ano amaonetsanso maola amene tathera pa WhatsApp, Facebook kapena TikTok. Tiyang'ane nambala imeneyo mosadzikhululukira. Sitikuchita izi kuti tidzizunze. Timaphunzira za ukapitawo kuti chuma chimene tili nacho ndi cha Mulungu, ndipo kapitawo wokhulupirika amasunga mabuku. Amene sadziwa kumene maola ake akupita sangawabweze.

Lamulo lachinayi, pa Eksodo 20:8-11, timakonda kuliwerenga ngati lamulo la kupuma kokha. Koma lili ndi mbali ziwiri. Limatipatsa masiku asanu ndi limodzi oti tigwiremo ntchito yathu yonse, kenako n'kupatula la chisanu ndi chiwiri. Amene wataya Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu wayamba kale kuika Sabata lake pachiswe, chifukwa ntchito ya masiku amenewo idzamutsatira mpaka m'tchalitchi.

Kadulidwe ka ndime

Tikalemba pa ndondomeko yathu kuti "mawa kafukufuku", sitinadule ndime. Tangoloza munda wonse, ndipo mtima ukaona munda wonse umafooka n'kupeza chochita china. N'chifukwa chake tsiku lolemba kafukufuku ndi limene timakumbukira kuti nsapato zikufunika polishi.

Ndime yabwino ili ndi zizindikiro zitatu. Imanena poyambira, imanena pothera, ndipo imatheka m'ola limodzi kapena awiri. Tiyerekeze kuti tikufufuza chifukwa chimene ana a sitandade 4 amavutikira kuwerenga. Ndime ya Lolemba ikhoza kukhala kuwerenga nkhani imodzi ya akatswiri n'kulemba mfundo zake zitatu m'mawu athuathu. Ya Lachiwiri, kulemba mafunso khumi ofunsa aphunzitsi. Ya Lachitatu, kuyesa mafunsowo pa anzathu awiri n'kukonza amene sakumveka. Ya Lachinayi, kulemba mawu 300 ofotokoza mmene tinasankhira masukulu. Chilichonse mwa zimenezi munthu akhoza kuchiloza madzulo n'kunena kuti chatha.

Masamu ake ndi olimbikitsa. Ngati kafukufuku akufunika mawu 10,000, wolemba mawu 300 patsiku kwa masiku asanu pa mlungu amakhala ndi mawu 1,500 Lachisanu lililonse. Pakutha pa masabata 7 wadutsa 10,000. Mawu 300 ndi tsamba limodzi chabe. Akuluakulu anati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Podula ndime tiyambire kumapeto. Tilembe tsiku lopereka ntchito, kenako tibwerere m'mbuyo. Masabata awiri omaliza tiwasiye opanda kanthu, ndiwo a malungo ndi maliro aja. Mphunzitsi wotiyang'anira ali ndi ophunzira ena ambiri, makalasi ndi banja, choncho mutu uliwonse umene tampatsa tiupatse masabata awiri oti auwerenge. Tikawerengera chonchi timapeza kuti tsiku loyamba kulemba si mwezi wamawa, ndi mlungu uno. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tisadikire kuti tiwerenge zonse kaye ndiye tiyambe kulemba. Tsiku limenelo silifika. Kulemba n'kumene kumatiuza zimene sitinamvetse, ndipo tsamba lolembedwa moipa likhoza kukonzedwa mawa, pomwe tsamba loyera silikonzeka. Palinso chifukwa china chogwirira pang'ono tsiku lililonse. M'chaka cha 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa zimene anapeza podziyesa yekha kuloweza ndi kuiwala. Anaona kuti zambiri zimene taphunzira zimathawa m'maola ndi m'masiku oyambirira, komanso kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Amene wasiya kafukufuku wake masabata atatu amataya tsiku lonse pongokumbukira pamene analekezera. Amene anamugwira dzulo amangokhala pansi n'kupitiriza.

Nkhani ya mana pa Eksodo 16 imatiphunzitsa kayendedwe komweka. Chakudya chinkagwa m'mawa uliwonse, ndipo aliyense ankatola muyeso wa tsiku limenelo. Wochedwa ankapeza dzuwa litachisungunula. Wounjika kuti mawa asadzuke ankapeza mphutsi. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi pokha ndi pamene ankatola miyeso iwiri, ndipo pa Sabata panalibe chotola. Kwa zaka 40 Mulungu anaphunzitsa mtundu wonse kukhala ndi muyeso wa tsiku, kukonzekera Sabata, ndi kukhulupirira kuti kupuma sikudzawapha ndi njala.

Osatsika pa linga

Ndime ikadulidwa imafunika nthawi yake yotetezedwa. Mlimi amadziwa kuti khasu limalowa bwino dzuwa lisanakwere. Ambiri a ife maganizo amakhala akuthwa m'mawa, ena madzulo. Aliyense adziwe nthawi yake, ndipo nthawi imeneyo aipatse ntchito yovuta kwambiri, monga kulemba ndi kusanthula zimene wapeza. Ntchito zopepuka, monga kukonza maonekedwe a masamba, kuyankha mauthenga ndi kusindikiza, zikhoza kudikira pamene mutu watopa. Kulakwitsa kwathu n'kwakuti timayamba ndi zopepuka kuti tione ngati tikugwira ntchito, ndipo pofika pa zovuta mphamvu zatha.

Pa Nehemiya 6 timawerenga kuti Sanibalati ndi Gesemu anatumiza uthenga kanayi konse woitana Nehemiya kuti akakumane ku chigwa cha Ono. Nthawi zonse zinayi iye anakana kusiya ntchito imene ankagwira, ndipo linga la Yerusalemu linatha m'masiku 52. Amene amatiitana ife si adani. Ndi gulu la pa WhatsApp la kalasi, la kwaya, la kumudzi, la anzathu a ku sekondale. Koma zotsatira zake n'zofanana: tikatsika kamodzi, kukweranso kumavuta. M'chaka cha 2009 katswiri wina, Sophie Leroy, anaonetsa kuti munthu akasiya ntchito yosamaliza n'kulumphira ina, gawo la maganizo ake limatsalira pa yoyamba ija, ndipo yachiwiriyo saigwira bwino. Kuyang'ana uthenga kumatenga masekondi ochepa, koma maganizo amakhalabe akuuyankha kwa mphindi zambiri pambuyo pake. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mankhwala ake ndi osavuta kunena. Pa nthawi ya ndime, foni ikhale m'chikwama kapena tiisiye ku chipinda. Ngati tikuwerengera pa foni yomweyo, tiyambe tatsitsa zimene tikufuna, kenako tizimitse intaneti, zimene zimapulumutsanso bandulo. Kwa amene amavutika kukhazikika, pali njira imene Francesco Cirillo anayambitsa ali wophunzira ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980: kugwira ntchito imodzi mphindi 25 osadukiza, kupuma mphindi 5, n'kubwereza. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene amaopa mphindi 25. Kuyamba ndiko kumavuta, ndipo tikayamba nthawi zambiri timapitirira.

Tiwauzenso anzathu za nthawi yathu. Wogona naye chipinda akadziwa kuti kuyambira 5 koloko mpaka 6:30 m'mawa sitilankhula, amazolowera. Ena amagwirizana awiri kapena atatu kukumana ku laibulale pa ola lomwelo, aliyense n'kugwira zake mwakachetechete, pomaliza n'kuuzana zimene amaliza. Kudziwa kuti mnzako akukudikira kumadzutsa kuposa belu.

Nkhokwe ya wofufuza

Maola ambiri amatayika pofunafuna zimene tinazipeza kale. Timakumbukira kuti tinawerenga mfundo yabwino, koma buku lake ndi tsamba lake taiwala. Mbiri ya mpingo wathu ili ndi chitsanzo chabwino pa nkhaniyi. Pamene Mayi Ellen White ankakonza buku la moyo wa Khristu lotchedwa The Desire of Ages, limene linatuluka mu 1898 iwo ali ku Australia, anali ndi wowathandiza dzina lake Marian Davis. Kwa zaka zambiri Mayi White anali atalemba za moyo wa Yesu m'makalata, m'nkhani za m'magazini ndi m'mabuku ena. Marian Davis ankasonkhanitsa zolembazo n'kuzimata m'mabuku aakulu motsatira mitu yake, kotero kuti pofika pa mutu wina, zonse zokhudza mutuwo zinali pamodzi. Buku limene timalikonda lija linadutsa m'ntchito yodekha ya lumo ndi zomatira.

Ifenso tikhale ndi nkhokwe imodzi, kaya ndi kope lachikuto cholimba kapena fayilo ya pa kompyuta. Chilichonse chimene tawerenga chilowemo tsiku lomwelo: dzina la wolemba, chaka, mutu wa buku, tsamba, ndi mfundo yake m'mawu athu. Ngati takopera mawu ake enieni, tiwaike m'zizindikiro zoonetsa kuti ndi a mwini. Ophunzira ena amene amagwidwa ndi mlandu wakuba zolemba sanakonze kuba. Anangosakaniza mawu awo ndi a eni ake m'kope, ndipo patapita miyezi sanathenso kusiyanitsa. Mphindi ziwiri zolemba gwero zimateteza dzina lathu.

Tikudziwanso kuti magetsi amathima ndipo intaneti imadula. Wanzeru amakhala ndi mindandanda iwiri ya ndime: zofuna magetsi ndi intaneti, ndi zotheka ndi pepala ndi cholembera. Magetsi akathima, sasowa chochita; amawerenga zimene anasindikiza, amakonza mafunso kapena kulemba ndime yake pamanja. Ndipo Lachisanu lililonse ntchito yonse isungidwe malo awiri, pa fulashi komanso podzitumizira pa imelo. Laputopu imabedwa, imagwa, imafa. Palibe misozi yowawa ngati ya munthu amene wataya ntchito ya miyezi isanu kutatsala masiku anayi.

Khasu nalo limatopa

Wina akhoza kumva phunziroli ngati likuti tigwire ntchito usana ndi usiku. Ayi. Ndime ili ndi pothera, ndipo kuweruka ndi mbali ya ntchito. Apainiya a mpingo wathu anaphunzira zimenezi mowawa. James White ankasenza ntchito ya anthu angapo: kulemba ndi kusindikiza, kuyenda m'mipingo, ndi kutsogolera mpingo umene unali utangokhazikitsidwa mu 1863. Mu Ogasiti 1865, ali ndi zaka 44, anagwidwa ndi sitiroko imene inamugoneka kwa nthawi yaitali. Matendawa anamubwereranso kangapo, ndipo anamwalira mu 1881 ali ndi zaka 60. John Nevins Andrews, katswiri wofufuza amene analemba mbiri ya Sabata ndipo anatumidwa ku Switzerland mu 1874, ankadzipanikiza ndi ntchito yolemba ndi kusindikiza mosasamala thanzi lake. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Basel mu 1883 ali ndi zaka 54. Timawalemekeza anthu amenewa chifukwa cha kudzipereka kwawo, koma tikhozanso kufunsa kuti mpingo ukanapindula zotani akanakhala ndi moyo zaka zina makumi awiri.

Madokotala amalangiza kuti munthu wamkulu azigona maola osachepera 7. Tulo si nthawi yotayika kwa wophunzira, chifukwa m'tulo ndi mmene ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana. Wochezera usiku wonse amaoneka wakhama, koma zimene walemba 3 koloko usiku nthawi zambiri amazifufuta m'mawa. Mlaliki 12:12 amavomereza kuti kuphunzira kwambiri kumatopetsa thupi. Uthenga wa zaumoyo umene timalalikira kwa ena, wa tulo, madzi, kuyenda, mpweya wabwino ndi kudya pa nthawi yake, ndi wa ifenso m'nyengo ya mayeso.

Kutseka mlungu

Lachisanu timachapa, timasita, timakonza chipinda. Maganizo nawonso amafunika kukonzedwa. M'mwezi wa Juni dzuwa kuno limalowa 5:30 isanakwane, choncho Lachisanu ndi tsiku lalifupi, ndipo si lopatsa ndime yaikulu. Chakumasana tipatule mphindi 20 zotsekera mlungu. Tione ndime zimene zatha ndi zimene zatsala. Tisunge ntchito malo awiri aja. Tidule ndime za mlungu wamawa. Pomaliza tilembe chiganizo chimodzi chonena pamene tidzayambire Sabata likatha. Chimene chalembedwa papepala mtima umasiya kuchinyamula. Kenako titseke kope, tizimitse laputopu, tikasambe.

Tisamale kuti tisasandutse Sabata chida chopezera magiredi abwino. N'zoona kuti wopuma amagwira bwino ntchito, koma si chifukwa chake timasunga Sabata. Timalisunga chifukwa Mulungu ndi Mlengi ndi Mpulumutsi wathu. Tsiku limeneli limatikumbutsa kuti mtengo wathu sudalira pa masamba amene talemba, ndi kuti dziko limayendabe ife titasiya cholembera. Kwa wofufuza, amene ntchito yake siitha, amenewa ndi malire amene Mulungu mwini anaika m'munda wopanda malire uja. Wina atati apatsidwe maola 24 amenewo kuti alembe, vuto lake silingathe, chifukwa silinayambe Loweruka. Linayamba Lolemba la masabata khumi apitawo.

Nanga amene katundu wawachuluka?

Tikudziwa kuti si onse amene ali ndi maola 40 aja. Pakati pathu pali amayi amene amaphika ndi kusamalira ana asanabwere m'kalasi, aphunzitsi amene akuphunzira uku akugwira ntchito, ndi ena amene amachita maganyu kuti apeze fizi. Kwa amenewa ndime idzakhala yaing'ono, mwina mphindi 40 ana asanadzuke. Ikhale yaing'ono, koma ikhale ya tsiku ndi tsiku. Mphindi 40 masiku asanu ndi limodzi ndi maola anayi pa mlungu, ndipo amaposa tsiku limodzi la pamwezi limene nthawi zambiri silipezeka n'komwe.

Ena katundu wathu ndi maudindo a mpingo. Munthu mmodzi ali mu kwaya, ndi mlembi wa achinyamata, amaphunzitsa Sukulu ya Sabata, ndipo komiti iliyonse ikufuna dzina lake. Kutumikira n'kwabwino, koma pa Eksodo 18 Yetero anachenjeza Mose kuti kusenza zonse yekha kudzamufooketsa iye pamodzi ndi anthu ake, ndipo anamulangiza kugawa ntchito. Kukana udindo wachinayi mwaulemu kumapatsa mpata mnzathu amene sanapatsidwepo. Akulu a mpingo nawo atithandize posaunjika zonse pa wachinyamata mmodzi chifukwa choti sakana.

Kwa amene atsalira kale, mawu athu ndi awa: musabisale. Manyazi amachititsa wophunzira kuzemba mphunzitsi wake, ndipo akamazemba amatsaliranso. Pitani mlungu uno, nenani zoona za pamene mwafika, ndipo gwirizanani zimene zingatheke m'nthawi yotsalayo. Kafukufuku wamng'ono woona amaposa wamkulu wabodza, pamaso pa oyesa ndi pamaso pa Mulungu. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tikumbukire kuti posachedwa tidzaima patsogolo pa ana n'kumawauza kuti alembe ntchito yawo pa nthawi yake ndiponso asaonere. Mawuwo adzakhala ndi mphamvu ngati ifeyo tinadutsa njira imeneyo.

Zochita mlungu uno

Usiku uno, tisanagone, aliyense alembe papepala ndime imodzi ya mawa, poyambira pake, pothera pake ndi ola lake. Mawa tiilime foni ili kutali, ndipo ikatha tiichonge. Tichite chimodzimodzi mpaka Lachisanu, n'kutseka mlungu dzuwa lidakali m'mwamba.

Tikakumana m'magulu athu, tikambirane mafunso awa. Ndi ntchito iti imene takhala tikuizengereza, ndipo ndime yake yoyamba, yotheka m'ola limodzi, ingakhale yotani? Ndi ndani kapena n'chiyani chimene chimatitsitsa pa linga kawirikawiri, ndipo tingakane bwanji popanda kuwononga ubale? Sabata lapitali, maganizo athu anali kuti pa nthawi ya ulaliki, ndipo ndi tsiku liti la mlungu limene linachititsa zimenezo?